NDEMANGA: WANCHITO WA KHONSOLO AKHALE WOYAMBA PA BAJETI YA MZINDA

Caka ciri conse, m'miyezi yotsiriza, makhansala ndi akuluakulu a Khonsolo ya Mzinda wa Lusaka amakhala pansi ku Civic Centre, pa mseu wa Independence Avenue, kukonza bajeti ya caka cotsatira. M'bajeti imeneyo amalemba ndalama zimene ayembekeza kutolera ndi m'mene adzazigawire, ndipo akatha kugwirizana amaitumiza kwa Nduna yoona za makhonsolo kuti iibvomereze. Nyuzipepala ino ifuna kunena mosabisa kuti pa mizere yonse ya bajetiyo, mzere woyenera kulembedwa poyamba ndi kulemekezedwa koposa ndi uja wa malipiro a anchito, thanzi lao ndi penshoni yao.

Mwina wina wa inu, mamembala a Cipani okhala ku Chadiza, ku Katete, ku Lundazi kapena ku Petauke, afunsa kuti za Khonsolo ya Lusaka zimkhudza bwanji munthu amene ali ndi khasu m'manja ndipo maso ake ali ku mvula. Yankho lake liri pafupi. Ambiri mwa amene amasesa mseu wa Cairo Road m'mamawa, amene amakumba ngalande ku Kabwata, amene amakumba manda ku Chingwere, ndi amene amathamanga ndi galimoto yozimira moto usiku, ndi ana anu ndi adzukulu anu. Malipiro ao akacedwa, ndalama ya feteleza imene mumaidikira kumudzi nayonso icedwa. Akadwala popanda cithandizo, kapena akapuma pa nchito popanda penshoni, amakwera basi pa mseu wa Great East Road kubwerera kwa inu, ndipo ndinu amene mumatsegula nkhokwe kuti muwadyetse. Cinanso, khonsolo ya boma lanu iri pansi pa lamulo lomwelo limene likulamulira Khonsolo ya Lusaka. Cimene tiphunzira pa mzinda waukulu cithandiza kuyang'anira bwino khonsolo yaing'ono ya kwanu.

Tiyambe ndi kukula kwa nchito. Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo inapatsidwa ulemu wokhala mzinda mu 1960. Atsamunda anaimanga ngati mudzi wa anthu ocepa: mayadi akuluakulu a mitengo ya maluwa kwa azungu, ndi tinyumba tating'ono kwa anthu akuda amene ankawagwirira nchito. Amene afuna kuona m'mene makolo athu ankakhalira apite ku Kabwata Cultural Village, kumene nyumba zina zozungulira za nthawi imeneyo zikali ciimire. Titalandira ufulu mu 1964, malamulo oletsa munthu wakuda kulowa m'tauni mwaufulu anatha, ndipo anthu anakhamukira ku likulu. Pa kalembera wa 1980 mzindawu unali ndi anthu oposa 500,000. Pa kalembera wa 2022 boma la Lusaka linapezeka ndi anthu oposa 2 miliyoni. Anthu onsewa amataya zinyalala, amagula ndiwo pa msika, amamanga nyumba, ndipo tsiku lina amafuna malo kumanda. Zonsezi zimadutsa m'manja mwa wanchito wa Khonsolo.

Pamene anthu anali kuculuka cotero, minda imene Khonsolo inkakololamo ndalama inali kucepa. Mbiri yake tiyenera kuidziwa bwino, cifukwa munthu wosadziwa kumene denga linayambira kudontha amangosuntha mphasa. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, thumba la Boma linaphwa, ndipo thandizo lopita ku makhonsolo linacepa. Nchito ya madzi, imene inali m'manja mwa Khonsolo, inaperekedwa ku kampani ya Lusaka Water and Sewerage Company, imene inakhazikitsidwa mu 1988 ndi kuyamba nchito mu 1990. Mu 1996 Mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Frederick Chiluba, analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu okhalamo. Mabanja ambiri ku Kabwata, ku Chilenje, ku Libala, ku Matero ndi ku Chelstone anapeza nyumba zaozao, ndipo ici cinali cisangalalo cacikulu kwa iwo. Koma lendi imene inkalowa m'thumba la Khonsolo mwezi ndi mwezi inathera pomwepo, pamene anchito anatsala ali omwewo, ndi mimba zomwezo zofuna kudya. Zaka zotsatira, m'makhonsolo ambiri a dziko lino anchito ankatha miyezi osalandira, ndipo opuma pa nchito ankayenda ulendo wopita ku maofesi kufikira nsapato kutha.

Lero Khonsolo imapeza ndalama makamaka ku msonkho wa nyumba ndi malo, ku ziphaso za malonda, ku misika ndi masiteshoni a mabasi, ku zikwangwani za malonda za m'mbali mwa miseu, ndi ku ndalama zobvomerezera mapulani a nyumba. Kuyambira mu 2015 Boma limawonjezerapo thandizo kudzera m'thumba la Local Government Equalisation Fund. Kulinso thumba la CDF, limene linakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu mu 2022. Ambiri akamva ciwerengero cimeneci amaganiza kuti mabvuto a makhonsolo anatha. Tiyenera kuwongola maganizo amenewo. Ndalama za CDF ziri ndi nchito zake: makalasi, zipatala zazing'ono, zitsime, maphunziro a ana osowa ndi ngongole za magulu a amai ndi acinyamata. Sizinaikidwe kuti zikhale malipiro a wosesa msika. Wosesa msika amadalira ndalama zimene Khonsolo yatolera yokha ndi thandizo lija la Boma.

Tsopano tione cimene cimachedwa mtengo wa wanchito. Khansala wosazama pa nkhani amaona malipiro a pamwezi okha, nayesa kuti wawerenga zonse. Koma pa munthu ali yense wolembedwa nchito pali ngongole zina zimene lamulo laika pa phewa la womlemba. Yoyamba ndi ya penshoni. Bungwe la NAPSA, limene linayamba nchito mu 2000 m'malo mwa Zambia National Provident Fund ya mu 1966, linakhazikitsidwa pa dongosolo lakuti wanchito apereke 5 peresenti ya malipiro ake, womlemba nayenso aikepo 5 peresenti. Anchito akale a makhonsolo ali ndi thumba lao la Local Authorities Superannuation Fund, limene nalonso liyenera kulandira gawo lake. Yaciwiri ndi ya thanzi. Lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo la mu 2018 linabala bungwe la NHIMA, ndipo kuyambira mu October 2019 wanchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake oyambira, womlemba naperekanso 1 peresenti. Yacitatu ndi ya cipukuta misozi ca wovulala pa nchito, imene womlemba yekha amapereka ku Workers' Compensation Fund Control Board. Pamwamba pa izi, lamulo la nchito la mu 2019 limapatsa mai woyembekezera masabata 14 a chuthi, ndipo limateteza malipiro a wanchito amene wagona pa mphasa ndi matenda kwa nthawi yoikika.

Tiyerekeze wanchito amene malipiro ake onse ndi K3,000 pa mwezi. Ku NAPSA iye apereka K150 ndipo Khonsolo iyenera kuikapo K150. Ku NHIMA iye apereka K30 ndipo Khonsolo iikapo K30. Ndiye kuti pa munthu mmodziyu Khonsolo iyenera kupeza K180 yapadera mwezi uli wonse, imene pa caka ikwana K2,160, tisanawerengere nsapato za jombo, magolovesi, yunifomu ndi zina zomteteza pa nchito. Mukaculukitsa ndalama imeneyi ndi ciwerengero ca anchito onse, muona kuti ndi phiri. Bajeti imene yalemba malipiro okha ndi kusiya phiri limeneli kunja ifanana ndi mlimi amene powerenga matumba a cimanga waiwala kupatula mbeu ndi ngongole ya feteleza: pa pepala aoneka wolemera, koma pofika December ayamba kugogoda pa makomo a anansi.

Pali cinthu cimodzi cimene tifuna kucidzudzula ndi mau amphamvu. Malipoti a Mkulu Wofufuza za Kayendetsedwe ka Cuma ca Boma akhala akuonetsa kawirikawiri kuti makhonsolo ambiri amadula ndalama za penshoni ndi za msonkho pa malipiro a anchito, koma osazipereka kumene ziyenera kupita. Ndalama yodulidwa pa malipiro a munthu ndi yake ya munthuyo. Khonsolo imangoinyamula, monga mwana wotumidwa kukapereka mbale ya ufa kwa agogo. Mwanayo akaphika ufawo panjira, sitinena kuti wabwereka. Lamulo limafuna kuti zopereka za NAPSA ndi za NHIMA zifike pasanadutse tsiku la 10 la mwezi wotsatira, ndipo wocedwetsa amalipitsidwa cilango ca ndalama cimene cimakula mwezi ndi mwezi. Motero khonsolo imene yasunga ndalamazo kuti igulire mafuta a galimoto lero, mawa idzalipira zoposa zimene inasunga, ndipo zoonjezerazo zidzacokera m'thumba la nzika yokhoma msonkho. Koma wolira kwambiri ndi wanchito amene wafika pa cipatala ca Chilenje, ca Matero kapena ku UTH ndi mwana wodwala pamsana, kapena nkhalamba imene yatumikira mzinda zaka 30, nimva kuti m'mabuku muli mabowo. Pamenepo pepani sapoletsa cironda.

Ena adzati thanzi la wanchito ndi nkhani yake ndi banja lake. Amenewa akumbuke kolera. Mliri umene unayamba mu October 2017 m'makomboni a Lusaka unacititsa kuti asilikali atuluke kukathandiza kuyeretsa pakati pa mzinda, ndipo misika ina inatsekedwa. Umene unayamba mu October 2023 unali woopsa koposa: bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, sukulu zinacedwa kutsegulidwa m'dziko lonse kufikira mu February 2024, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. Ana a sukulu a ku Chama ndi ku Nyimba anakhala pakhomo cifukwa ca matenda amene anakula m'ngalande za likulu. Amene amaima pakati pa ife ndi mliri wotere ndi woyendera zaumoyo amene amayesa madzi ndi kuyang'ana malo ogulitsira cakudya, wonyamula zinyalala kupita nazo ku Chunga, ndi wotsegula ngalande mvula isanagwe. Anthu amenewa amagwira ndi manja ao zinthu zimene ena tonse timazithawa. Kuwatuma ku nchito yotere opanda jombo, opanda magolovesi, ndiponso opanda citsimikizo cakuti akadwala adzalandira mankhwala, ndi kupanda cilungamo ndiponso kupanda nzeru. Madzi oipa sadziwa malire a komboni. Wophika ndi wolera ana m'nyumba za ku Kabulonga ndi ku Woodlands amagona ku Kalingalinga, ku Mtendere kapena ku Bauleni, ndipo m'mawa uli wonse amalowa pa geti.

Apa tifika pa udindo wa okhala m'mayadi. Msonkho wa nyumba umawerengedwa malinga ndi mtengo wa nyumba ndi malo ake, monga walembedwera m'kaundula wa mitengo ya nyumba, motsatira lamulo la mu 2018. Nyumba ya ku Kabulonga kapena ku Woodlands, ndi nyumba zosanja za malonda za pakati pa mzinda, ziyenera kupereka zambiri kuposa kanyumba ka ku Chelstone kapena ku Kabwata, ndipo ici ncoyenera, pakuti wokolola zambiri ndiye amathira zambiri m'nkhokwe ya mudzi. Cofunika ndi cakuti kaundulayo azikonzedwa pa nthawi yake kuti nyumba zatsopano zisabisale, ndi kuti wotolera msonkho asaope mpanda wautali ndi galu wolusa nkumakalimba mtima pa mai wogulitsa tomato pa msika wa Soweto. Maofesi a Boma ndi makampani ake amene ali ndi ngongole ku Khonsolo akhale oyamba kubweza, kuti apereke citsanzo. Munthu amene amadandaula za zinyalala pa mseu wake pamene sanalipire msonkho wa zaka zingapo ayenera kuyamba wadzifunsa yekha.

Koma sitingaloze cala kunja kokha. Pali mau amene tiyenera kuuzana ife eni ake m'Cipani. Dziko lino linayesapo kale kuphatikiza Cipani ndi khonsolo kukhala cinthu cimodzi. Mu nthawi ya cipani cimodzi, pansi pa utsogoleri wa a Kenneth Kaunda, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Local Administration Act mu 1980. Colinga cake cinali cabwino: kufikitsa mphamvu kwa anthu. Gavanala wa boma anakhala wapampando wa khonsolo, ndipo maofesi a Cipani ndi a khonsolo anakhala pansi pa denga limodzi. Mabungwe a anchito anakana dongosololi, atsogoleri ao 17 anacotsedwa m'cipani ca UNIP mu January 1981, ndipo anchito a m'migodi ananyanyala nchito. Cimene cinaoneka pa zaka khumi zotsatira ndi cakuti maudindo anaculuka, ndalama zambiri zinapita ku malipiro ndi ku nchito za ndale, ndipo miseu ndi ngalande zinatsala m'mbuyo. Lamulo la mu 1991 linalekanitsanso ziwirizi. Nzeru ya Umunthu imene inkaphunzitsidwa masiku amenewo inali kunena kuti munthu ndiye pakati pa zonse. Mfundo imeneyo ikali yoona, ndipo munthu wake ndi uja wogwira tsache. Wokonda munthu salemba nchito anthu khumi pa malo a anthu atatu, cifukwa mapeto ake onse khumi amagona ndi njala.

Cotero membala weniweni wa Cipani asapite kwa khansala ndi mwana wa mlongo wake kukapempha kuti amlowetse nchito pakhomo la kumbuyo. Maofesala a makhonsolo amalembedwa ndi bungwe la Local Government Service Commission, ndipo malo ali onse ayenera kukhala ndi ndalama yake m'bajeti munthu asanaitanidwe. Momwemonso ndalama za pa msika ndi pa siteshoni ya mabasi ndi za Khonsolo, monga lamulo la misika ndi masiteshoni la mu 2007 linenera. Zaka zapitazo tinaona anyamata obvala zizindikiro za zipani akutolera ndalama m'misika ndi m'masiteshoni a Lusaka ngati munda wa atate ao, kufikira Boma linalamula mu 2021 kuti mcitidwewo uthe. Kwacha iri yonse imene inalowa m'thumba la mnyamata wotere inacotsedwa pa mbale ya mwana wa wosesa msika womwewo. Wocita zotere amanyozetsa cipani cake, cikhale ciri conse, ndipo nthambi imene imamteteza imadzipaka matope yokha.

Sitikunena kuti ndalama zonse za Khonsolo zithere ku malipiro. Khonsolo imene imangolipira anchito popanda mafuta a galimoto yonyamula zinyalala, popanda mankhwala opopera ndi popanda nyale za mumseu, yasanduka bungwe lodzidyetsa lokha. Nzika imene imakhoma msonkho iri ndi ufulu wofunsa cimene yagula ndi ndalama yake. Nkhani ndi ya muyeso: anchito okwanira nchito imene iripo, olipidwa pa tsiku lake, otetezedwa pa thanzi lao, ndipo nawonso ofika pa nchito pa nthawi yake. Bungwe la anchito a makhonsolo la ZULAWU liri ndi udindo mbali zonse ziwiri, kumenyera ufulu wa mamembala ake pa tebulo la zokambirana, ndi kuwakumbutsa kuti wolandira ciphuphu pa ciphaso ca malonda akuba malipiro a mnzake.

Pa cifukwa cimeneci nyuzipepala ino ipempha zinthu zisanu kwa makhansala a Lusaka ndi a makhonsolo onse. Coyamba, anchito onse awerengedwe mmodzimmodzi, munthu ndi citupa cake, kuti maina a omwalira ndi a anthu osaoneka acotsedwe m'buku la malipiro. Caciwiri, bajeti ionetse poyera mtengo wonse wa wanchito, malipiro pamodzi ndi za NAPSA, za NHIMA, za cipukuta misozi ndi zobvala zoteteza, ciri conse pa mzere wake. Cacitatu, ndalama zodulidwa pa malipiro zitumizidwe mwezi womwewo, ndipo makhansala azifunsa malisiti ake pa msonkhano wao, asanabvomereze ulendo kapena msonkhano wa ku hotela. Cacinai, ngongole zakale za opuma pa nchito zikhale ndi dongosolo lolembedwa, kuyambira amene anapuma kale, kuti nkhalamba idziwe malo ake pa mzere popanda kugwadira munthu. Cacisanu, malo atsopano a nchito asatsegulidwe pokhapokha ndalama yake itaoneka kumene idzacokera caka cino ndi zaka zikudzazo.

Ndipo inu a m'nthambi ndi m'mawodi a kumidzi, lamulo la makhonsolo la mu 2019 linakupatsani makomiti a citukuko a m'mawodi kuti mau anu azimveka. Musamapite ku misonkhano imeneyi kukapempha mlatho ndi citsime zokha. Funsaninso khansala wanu ngati anchito a khonsolo yanu alandira malipiro a mwezi watha, ngati zopereka zao za penshoni ndi za cipatala zinafika kumene ziyenera, ndiponso kuti opuma pa nchito amene akali kudikira ndi angati. Mafunso amenewa sacotsa ulemu wa mtsogoleri. Khansala wabwino amawalandira mokondwa, cifukwa amamthandiza kulimba mtima pamene afika m'cipinda ca zokambirana. Mukalemba kalata kapena kuimba foni kwa ana anu a ku Lusaka, auzeni kuti apite ku maofesi a NAPSA ndi a NHIMA kukaona ngati maina ao ndi a ana ao ali m'mabuku, akali amoyo ndi amphamvu.

Mutu umodzi susenza denga. Mzinda wa Lusaka ndi nkhope ya dziko lathu, ndipo amene amaisambitsa nkhopeyo m'mawa uli wonse ayenera kudya, kucira akadwala, ndi kupuma mwaulemu akakalamba. Wa ku Kabulonga alipire msonkho wake, wa ku Civic Centre asunge bwino ndalama za eni ake, wa m'Cipani acotse dzanja pa msika, ndipo wa kumudzi afunse mafunso ake mopanda mantha. Zambia Imodzi, Mtundu Umodzi.